Lamulo loteteza ana lilipo, koma kodi lafika kumudzi?

Mu July 2019, Nyumba ya Malamulo ku Maputo inavomereza lamulo nambala 19/2019 loletsa maukwati a ana. Kale, lamulo la mabanja la 2004 linkalola mwana wa zaka 16 kukwatiwa ngati makolo avomera. Khomo limenelo linatsekedwa. Tsopano aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo munthu wamkulu womutenga ngati mkazi akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 12. Makolo opereka mwanayo, ndi mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo womanga ukwati wotere, nawonso ali ndi mlandu.

Chifukwa chake nchodziwika. Kafukufuku wa 2011 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'dziko muno, 48 anakwatiwa asanakwane zaka 18. Mtsikana wotere amasiya sukulu, ndipo pobereka thupi lisanakhwime akhoza kudwala fistula kapena kumwalira kumene.

Koma lamulo linalembedwa m'Chipwitikizi, pamene milandu ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga imayambira pabwalo la mfumu. Mwana akapatsidwa mimba, kawirikawiri akuluakulu amakhala pansi, wolakwa amalipira mbuzi kapena ndalama, kenaka amauzidwa kuti atenge mtsikanayo. Akuluwo amati akonza zinthu, koma kunena zoona apereka mwana m'manja mwa yemwe anamuononga. Nkhani yotere ndi ya apolisi ndi khoti, si ya ankhoswe. Mimbanso si chifukwa chosiyira sukulu: mu 2018 boma linachotsa lamulo la 2003 lomwe linkatumiza atsikana oyembekezera kumakalasi a usiku.

Ena amaganiza kuti akaoloka malire kupita ku Dedza kapena ku Ntcheu athawa mlandu. Akudzinamiza. Dziko la Malawi linasintha malamulo ake akulu mu 2017, ndipo kumenekonso msinkhu wa ukwati ndi zaka 18. Ku Dedza komweko Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana nabwezera atsikana kusukulu. Izi zinaonetsa kuti mfumu ikalimba mtima, lamulo limakhala ndi mano.

Woona mwana akuzunzidwa akhoza kuimba nambala 116, Linha Fala Criança, mwaulere, kapena kukanena kupolisi. Makolo akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mudzi ukakhala chete, lamulo la ku Maputo litsala papepala.