Mlangizi Wamantha Sakweza Sukulu

Ana a m'midzi ya ku Mitundu ndi Nathenje akalephera mayeso a sitandade 8, chala chimaloza mphunzitsi. Ine ndikuti tiyambire kumtunda, kwa mkulu wa zamaphunziro pa boma ndi alangizi ake a m'mazoni, aja timawatcha ma PEA.

Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere mu 1994, chiwerengero cha ana a ku pulayimale chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanalowe koleji, ndipo anafunika wowaphunzitsa ntchitoyo ali pasukulu. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inatsitsiranso maudindo ku makhonsolo. Udindo unafika, koma kodi mtima wouchita unafika nawo?

Katswiri wa za maganizo, Albert Bandura, anafotokoza mu 1977 kuti munthu wokhulupirira kuti ntchito angaithe amalimbikira zinthu zikavuta, pamene wodzikayikira amazemba. Mlangizi wodzidalira amalowa m'kalasi, nakhala kumbuyo kumvetsera mmene mwana wa sitandade 2 akuwerengera. Akatuluka amauza mphunzitsi poyera pamene phunziro lapendekera, nabweranso mwezi wamawa kudzaona ngati zasintha. Wodzikayikira amathera mu ofesi kuwerenga masikimu ndi buku losainira nthawi, poti pepala silingamufunse funso. Mphunzitsi wamkulu amatengera zomwezo. Naye amasiya kuyendera makalasi, n'kumangokonza mafaelo oti alendo akabwera akondwe. Wovutika ndi mwana wofika sitandade 4 osatha kuwerenga dzina lake.

M'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Dzalanyama kulimba mtimaku kumafunika kwambiri. Ana ena amajomba nthawi yosoka fodya, ena amathandiza kunyamula makala, anyamata ena amasowa nyengo ya kudambwe. Izi sizitheka ndi kalata ya ku ofesi. Pamafunika mlangizi wokhala pansi ndi mafumu ndi komiti ya sukulu, mwaulemu koma osanjenjemera, n'kugwirizana za masiku a miyambo.

Ena anena kuti vuto ndi kusowa kwa mabuku ndi makalasi. N'zoona, sindikana. Komabe mlangizi wopanda mafuta a njinga yamoto, yemwe lipoti lake siliyankhidwa ku boma, amafooka msanga kuposa khoma la kalasi. Mkulu wa pa boma ayambe wayankha malipotiwo, ndipo mlangizi akadzudzula mphunzitsi wojomba, amuikire kumbuyo.