Musanamizire mphepo: chomwe chidathimitsa magetsi ku Texas

Pali chithunzi china chomwe chimabwererabwerera pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kukangozizira ku America. Pachithunzipo pali helikopita ikuwaza madzi pa mapiko a makina opukusa magetsi ndi mphepo, mapikowo atakutidwa ndi madzi oundana. Mawu otsagana nacho amati umu ndi mmene zidalili ku Texas mu Febuluwale 2021: makina amphepo adauma gwaa ndi chisanu, magetsi n'kuthima, anthu n'kufa, ndipo mlandu ndi wa andale okonda magetsi amphepo ndi adzuwa. Ife tikuti ayi. Bodza lake layambira pachithunzi pomwepo, chifukwa chidajambulidwa ku Sweden mu 2014, kampani ina ikusungunula madzi oundana ndi madzi otentha. Texas sichikumudziwa n'komwe.

Koma chithunzi chabodza pachokha sichithetsa mlandu, choncho tiyeni tione zomwe zidachitika.

Chimphepo chachisanu chomwe adachitcha Uri chidakuta Texas yense pakati pa mwezi umenewo. Ku Dallas kudazizira mpaka madigiri 19 pansi pa ziro, m'dera lomwe nyumba zake adazimanga moganizira kutentha. Aliyense adayatsa zotenthetsera, ndipo usiku wa pa 14 Febuluwale anthu ankakoka magetsi oposa megawati 69,000, mulingo womwe udali usadafikidwepo m'nyengo yozizira. Nthawi yomweyo malo opangira magetsi ankazima limodzilimodzi. Pa 15 Febuluwale, cha m'ma 1:25 usiku, bungwe la ERCOT, lomwe limayendetsa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi a Texas, lidalamula kuti ayambe kudula magetsi m'madera. Nyumba ndi mabizinesi oposa 4.5 miliyoni zidatsala mumdima, zina kwa masiku angapo. Mkulu wa ERCOT panthawiyo, Bill Magness, adaulula pambuyo pake kuti padangotsala mphindi 4 ndi masekondi 37 kuti magetsi onse agweretu, zomwe zikadatenga masabata kapena miyezi kuzikonza.

Kodi makina amphepo adauma? Inde, ambiri adauma, ndipo amene angakane zimenezi nayenso ndi wabodza. Funso loyenera ndi lakuti mbali yawo pa ngoziyi idali yaikulu bwanji. Mkati mwa chipwirikiticho ERCOT yomweyo idanena kuti magetsi amphepo ndi adzuwa omwe adasowa adali megawati pafupifupi 16,000, pomwe a gasi, malasha ndi nyukiliya omwe adasowa adali pafupifupi 30,000. Ndipo pali mfundo ina imene ofalitsa chithunzi chija amailumpha dala. Pokonzekera nyengo yozizira, ERCOT sidawerengere mphepo kwenikweni, chifukwa imadziwa kuti m'miyezi imeneyo mphepo imachepa. Idangoyembekeza megawati pakati pa 6,000 ndi 7,000 kuchokera kumeneko. Chiyembekezo chachikulu chidali pa gasi, malasha ndi nyukiliya, ndipo mzati womwe adautsamirawo ndi umene udathyoka.

Mu Novembala 2021 mabungwe awiri oyang'anira zamagetsi, FERC ndi NERC, adatulutsa lipoti lawo. Adapeza kuti makina 1,045 opangira magetsi adazima, kufooka kapena kukanika kuyaka ku Texas ndi madera oyandikana nawo. Mwa amenewa, 58 peresenti adali a gasi, 27 peresenti amphepo, 6 peresenti amalasha, 2 peresenti adzuwa. Zifukwa zikuluzikulu zidali ziwiri: kuundana kwa zipangizo, ndi kusowa kwa chopangira magetsicho, makamaka gasi.

Apa ndi pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti gasi ndi moto, ndiye angaume bwanji. Gasi akamatuluka pansi amatuluka ndi chinyontho. Kukazizira kwambiri madziwo amaundana pakamwa pa chitsime ndi m'mapaipi ang'onoang'ono otolera gasiyo, njira n'kutsekeka. Misewu nayo idali yoterera, amisiri osatha kufika kuzitsimeko. Gasi wotuluka m'zitsime za Texas adatsika ndi pafupifupi theka m'masiku ochepa. Kenaka padachitika chinthu chochititsa manyazi: malo ambiri opopera ndi kuyeretsera gasi amayendera magetsi, koma eni ake sadalembetse kuti malowo ndi ofunika, asamadulidwe. ERCOT italamula kudula magetsi, ena mwa malo amenewa adadulidwa limodzi ndi nyumba za anthu. Gasi adachepanso, makina ena adazimanso, vuto n'kumadzibala lokha. Ngakhale nyukiliya sidapulumuke. Ku South Texas Project makina amodzi adazima chifukwa kapaipi kakang'ono kopita ku chipangizo choyezera mphamvu ya madzi kadaundana. Kapaipi kosavekedwa chofunda kadagwetsa makina opatsa magetsi nyumba zikwi mazanamazana.

Nthenda idali imodzi paliponse: zipangizo zosatetezedwa ku chisanu. Makina amphepo amazungulira bwinobwino ku Iowa, ku Canada ndi ku Sweden, komwe kumazizira kuposa ku Texas chaka ndi chaka, chifukwa amawaikira zotenthetsera ndi mafuta opirira kuzizira. Malo opangira magetsi ndi gasi kumeneko amawamangira m'nyumba ndi kukulunga mapaipi. Ku Texas zimenezi ankaziona ngati kutaya ndalama.

Ndipo sangati sadachenjezedwe. Mu Disembala 1989 chisanu chidathimitsa magetsi ku Texas. Mu Febuluwale 2011 zidachitikanso, ndipo FERC ndi NERC adalemba lipoti chaka chomwecho lolangiza kuti malo opangira magetsi ndi zitsime za gasi zitetezedwe ku chisanu. Malangizowo adangokhala malangizo. Wofuna atsate, wosafuna asiye. Dzuwa litawala, nkhani idaiwalika. Pakadafunda padajiwitsa galu. Mzinda wa El Paso, womwe uli m'Texas momwemo koma kunja kwa ERCOT, udamva chenjezo la 2011, kampani yake yamagetsi idawononga ndalama kuteteza makina ake, ndipo mu 2021 anthu ake sadaone mdima womwe anzawo a ku Houston ndi Austin adauona. El Paso idathandizikanso poti mawaya ake ndi olumikizana ndi madera akumadzulo. Mbali yaikulu ya Texas idasankha kalekale kuima payokha, pothawa malamulo a boma la ku Washington, kotero patsiku latsoka magetsi obwereka kwa oyandikana nawo adali ochepa kwambiri. Kunena mwachilungamo, oyandikana nawowo adalinso pamavuto sabata imeneyo, ndiye kulumikizana sikukadachotsa vuto lonse, koma kukadalichepetsa.

Nanga bodzali lidakula bwanji? Pa 16 Febuluwale, anthu akunjenjemera m'nyumba, Bwanamkubwa wa Texas Greg Abbott adakaonekera pa wailesi yakanema ya Fox News n'kunena kuti magetsi amphepo ndi adzuwa ndiwo azima, ndipo izi zikusonyeza kuopsa kwa ndondomeko ya Green New Deal, yolimbikitsa magetsi oterewa. Ndondomeko imeneyo sidali lamulo ku Texas, ngakhale ku America konse. Adali maganizo chabe a aphungu ena a chipani cha Democrat. Chodabwitsa n'chakuti polankhula ndi wailesi yakanema ya ku Dallas nthawi yomweyo, bwana yemweyo adanena poyera kuti gasi waundana m'mapaipi ndi kuzitsime. Kwawo adanena zoona, kudziko lonse adanena zokomera chipani. Rick Perry, yemwe adakhalapo bwanamkubwa, adati anthu a ku Texas angalolere kukhala opanda magetsi masiku oposa atatu kusiyana ndi kulola boma la ku Washington kuwalowerera. Sitikudziwa kuti adafunsa ndani. Seneta wa ku Texas Ted Cruz adakwera ndege ndi banja lake kupita ku Cancún, ku Mexico, pa 17 Febuluwale, ndipo adabwerako mawa lake anthu atamukalipira.

Chifukwa cholozera chala mphepo n'chosavuta kuchiona. Chipani cha Republican chidali chitalamulira Texas zaka zoposa 20, ndipo makampani a mafuta ndi gasi ndi amphamvu kwambiri m'ndale zakumeneko. Kuvomera kuti gasi walephera kukadakhala kuvomera kuti lipoti la 2011 adalitaya kunkhongo. Makina amphepo alibe pakamwa, ndiye adasenzetsedwa mlandu. Tisabisenso kuti a mbali inayo nawo adakokera nkhaniyi kwawo, ena n'kumayankhula ngati magetsi amphepo alibe vuto lililonse. Ali nalo: mphepo siiomba polamulidwa, ndipo dziko lodalira mphepo liyenera kukhala ndi pogwira pena. Koma kukokomeza kwa awa sikusandutsa bodza la awo kukhala choonadi.

Umboni wina ndi zomwe atsogoleri omwewo adachita makamera atachoka. Magness adachotsedwa ntchito, makomishonala onse atatu a bungwe loyang'anira zamagetsi ku Texas la Public Utility Commission adatula pansi maudindo, ndipo mu Juni 2021 Abbott adasaina lamulo la Senate Bill 3, lokakamiza malo opangira magetsi ndi malo ofunika a gasi kudziteteza ku chisanu, wolakwira n'kulipira chindapusa chofika madola 1 miliyoni. Munthu wokhulupiriradi kuti vuto lidali mphepo sakadasaina lamulo lofunditsa mapaipi. Mu Disembala 2022 chimphepo china, Elliott, chidachititsa makampani a TVA ndi Duke Energy kudula magetsi ku Tennessee ndi ku North Carolina, madera omwe magetsi amphepo ndi ochepa kwambiri, ndipo makina ambiri omwe adazima adalinso a gasi.

Bodza lija lili ndi mng'ono wake, yemwe amati anthu adafa chifukwa cha ulesi wawo wosakonzekera. Meya wa tawuni ya Colorado City ku Texas, Tim Boyd, adalemba pa Facebook kuti boma lilibe ngongole ndi munthu, aliyense adzionere yekha, ndipo udindo wake udathera pomwepo. Boma la Texas lidawerenga anthu 246 omwe adafa, ambiri mwa iwo chifukwa cha kuzizidwa, ochuluka ali okalamba. Ena ankadalira makina othandiza kupuma omwe amayendera magetsi. Agogo okhala okha m'nyumba yalendi sangafunditse chitsime cha gasi. Nawonso amene adatumiziridwa mabilu a madola zikwizikwi, mtengo utakwezedwa kufika madola 9,000 pa megawati imodzi pa ola, sadalakwe kanthu posiya zotenthetsera zikuyaka.

Komabe kukonzekera kwa pakhomo kuli ndi malo ake, ndipo abale athu okhala ku America, ku Canada ndi ku Britain amve bwino apa. Anthu oposa 1,400 adathamangira nawo kuchipatala ku Texas atapuma mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, ndipo ena adafa. Adalowetsa m'nyumba mbaula zowotchera nyama, adaliza jenereta pafupi ndi zenera, kapena adakhala m'galimoto yolira m'galaja yotseka. Ngozi imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndi yomwe ija ya mbaula yamakala m'chipinda chotseka mwezi wa Juni. Mpweyawu ulibe fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenaka tulo tosadzuka nato. Jenereta ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchokera pakhomo ndi pamawindo, ndipo kachipangizo kolira kakamva mpweyawu n'kotsika mtengo. Sungani madzi akumwa, poti magetsi atathima mapampu adaima, mapaipi adaphulika, ndipo anthu oposa 14 miliyoni adauzidwa kuti aziwiritsa madzi, ambiri alibe n'powiritsira pomwe. Dziwani pamene pali mpopi waukulu wotsekera madzi a nyumba yonse. Mabulangete, tochi, wailesi ya mabatire, mankhwala ndi chakudya chosalira kuphika zikhale pafupi, banja lonse ligone chipinda chimodzi, ndipo mugogode kwa okalamba oyandikana nanu.

Zonsezi zimathandiza banja kupirira masiku atatu kapena anayi. Kuti masiku oterowo asafike ndi ntchito ya makampani ndi ya boma lowayang'anira, ndipo ku Texas ntchito imeneyo idagona zaka 10 chenjezo lili pa tebulo. Chithunzi cha helikopita chija chikakufikaninso pafoni, musachitumize kwa wina. Muyankheni wokutumiziraniyo kuti n'cha ku Sweden, cha 2014, ndipo makina 58 pa 100 alionse omwe adalephera adali a gasi.