Uthenga ufike madzi asanafike: phunziro la ku Chikwawa ndi Nsanje

Madzi amene amasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje nthawi zambiri amachokera kutali. Mvula ikagwa yambiri ku Mulanje ndi ku Thyolo, mtsinje wa Ruo umadzaza n'kukathira mu Shire ku Chiromo, ndipo madera ngati Makhanga amamira. Pakati pa mvula ya kumtunda ndi kusefukira kwa kuchigwa pamadutsa nthawi. Apa m'pamene foni yasinthira zinthu.

Kale chenjezo linkadalira wailesi ndi mthenga wa amfumu. Lero nthambi yoona zanyengo ndi DoDMA zimafalitsanso machenjezo pa intaneti, anthu n'kumatumizirana pa WhatsApp. Banja lotaya katundu limalandira thandizo la achibale pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo.

Komabe foni ili ndi malire. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo anakhala osagwira ntchito kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima, batire limatha, netiweki nayo imavuta. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kumwera, ndipo midzi ina inadukiratu, osafikika pamsewu ngakhale pafoni. Tisaiwalenso kuti agogo ambiri alibe foni ya intaneti.

Vuto lalikulu ndi bodza. Chithunzi cha madzi osefukira a chaka china chikazungulira ngati cha lero, anthu amathawa pachabe. Mawa chenjezo lenileni likabwera, amalinyozera. Chisilamu chimatilamula kufufuza nkhani tisanaifalitse, ndipo pa nkhani ya madzi lamuloli limapulumutsa moyo.

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, izi zikutikhudza. Shire yemweyu amayambira ku Mangochi, ndipo asodzi athu amadalira chenjezo la mwera asanapalase bwato. Choncho tisanatumize uthenga, tione amene waulemba ndi tsiku lake. Wailesi ya mabatire tisaitaye. Achinyamata amene ali ndi mafoni akhale makutu a makolo awo, ndipo chenjezo lotsimikizika lilengezedwe pa mzikiti, pa madrasa ndi padoko. Uthenga wothera m'foni ya munthu mmodzi sunafike pamudzi.

Allah atiteteze ife ndi abale athu a kuchigwa.