Ana a ku Orange Farm Audziwe Mtondo

Ana a Amalawi amene akukulira ku Orange Farm, dera lalikulu lomwe linayamba m'chaka cha 1988 kumwera kwa mzinda wa Johannesburg, ufa amaudziwa ngati katundu wa m'thumba wogula kusitolo. Ambiri sanagwirepo musi. Palibe mayi amene angalakelake kuti mwana wake abwerere ku ntchito yothyola msana ija, koma mwana wosadziwa kulemera kwa ntchito yakale sangazindikire katundu amene zipangizo zinatula pamutu pa anthu. Choncho n'kovuta kuti iye adzaganize zopepuza ntchito imene yatsala.

Makolo ayambire pa nsima yomwe ana amadya tsiku ndi tsiku. Awafotokozere kuti agogo awo ankakonola chimanga mumtondo, n'kupeta m'lichero kuti madeya achoke, n'kuviika mphale kwa masiku angapo. Akavuula ankatibulanso mumtondo momwemo, kusefa, ndi kuyanika ufa pamphasa uku akuingitsa nkhuku. Chigayo chitafika, ntchito yotibula, imene inkatha tsiku, inasanduka ya mphindi zowerengeka. Mwana afunsidwe kuti: kodi nthawi yopulumutsidwayo inapindulira yani? Yankho lake ndi amayi ndi atsikana, ndipo kwa mtsikana nthawi yotere ndiyo ya sukulu.

Komabe mtondo suyenera kunyozedwa, pakuti unaphunzitsa ngakhale akatswiri a kafukufuku. Kwa zaka zambiri alimi a ku Malawi ankalima chimanga cha haibulidi kuti agulitse, koma chakudya ankasunga cha makolo. Ena ankati ndi umbuli. Chifukwa chenicheni chinali mumtondo: chimanga chofewa chinkaphwanyika pokonola, ufa wambiri n'kupita ndi madeya, ndiponso chinkafumbwa msanga m'nkhokwe. Akatswiri a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, atamvera madandaulo a amayi anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18 m'chaka cha 1990, zolimba ndi zokonoleka bwino. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kukambidwa kwa mwana aliyense amene amaganiza kuti nzeru zimachokera m'mabuku mokha.

Dziko la South Africa nalonso lili ndi zitsanzo zake. M'chaka cha 1991 Pettie Petzer ndi Johan Jonker anapanga mgolo wogubuduza wotchedwa Hippo Roller, wonyamula malita 90 a madzi, pamene ndowa yosenza pankhata imanyamula 20. M'chaka cha 2008 Sarah Collins anayambitsa Wonderbag, thumba losunga kutentha: mphika wa nyemba ukawira pamoto umaikidwa m'thumbamo, ndipo umapitiriza kupsa popanda nkhuni kapena magetsi. Mabanja amene anavutika ndi kuzimazima kwa magetsi m'chaka cha 2023 safuna kuuzidwa phindu lake.

Phunziroli silifuna ndalama. Ana awiri atha kukulunga mphika wotentha m'bulangete, wina n'kuusiya pamtetete, kenaka ayerekeze kutentha kwake pakatha ola limodzi, wamkulu akuyang'anira. Mipingo ndi magulu a Amalawi a ku Orange Farm atha kupempha wina wobwera pa basi kuchokera kumudzi kuti anyamule kamtondo ndi lichero. Ana akonole chimanga chodzaza mbale imodzi, awerenge mphindi zake, kenaka awerengetse kuti banja la anthu asanu lingafunike mbale zingati pa sabata.