Mdima wa ku Phalombe Ndi Chuma cha Sukulu

Kaŵirikaŵiri timamva dandaulo lakuti sayansi siingaphunzitsike bwino m'sukulu za kumidzi popeza mulibe zipangizo. Dandaulo limeneli n'loona ndithu, koma lilipo phunziro limodzi limene mwana wa ku Chiringa kapena ku Migowi amposa nalo mnzake wa mu Blantyre, ndilo la zakuthambo. Kumene magetsi ali ochepa, nyenyezi zimaoneka zochuluka.

Taonani nyenyezi zitatu zondandana zija zimene makolo athu anazitcha Akamwiniatatu. Cha kummwera kwake kuli kamzere kena ka nyenyezi zosaŵala kwambiri, ndipo ya pakati imaoneka ngati kankhungu. Kankhunguko ndi mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi umene akatswiri amautcha Orion Nebula, ndipo m'kati mwake mukubadwa nyenyezi zatsopano. Zina mwa izo n'zotentha koposa, kotero kuti cheza chawo chikaomba mpweya wa haidrojeni, mpweyawo umayamba kuŵala wokha mofiirira. Kuŵala kumene tikuona lero kunanyamuka kumeneko zaka zoposa 1,300 zapitazo.

Diso la munthu siliona kufiirako usiku, koma kamera imaona, chifukwa imasonkhanitsa kuŵala pang'onopang'ono monga madzi a padenga adzazira mtsuko. Woyamba kujambula mtambowu anali Henry Draper, dokotala wa ku America, pa 30 September 1880, ataisiya kamera yotseguka mphindi 51. M'chaka cha 1883 Andrew Common anaujambula kuseri kwa nyumba yake ku Ealing, mu London, ndipo chithunzi chake chinaonetsa nyenyezi zimene diso silinkatha kuziona. Amuna aŵiriŵa ankachita zimenezi pongokonda, ntchito zawo zili zina.

Masiku ano mafoni ambiri ali ndi kamera yotha kujambula usiku. Chofunika ndicho kuikhazika foni pa chinthu chosagwedezeka, kutali ndi nyale, usiku wopanda mwezi, ndi kuilola kuti ilandire kuŵala masekondi ngati khumi. Mukapyola kwambiri pamenepo nyenyezi zimasanduka timizere, popeza dziko likuzungulira, ndipo cholakwikacho n'phunziro kale. Mtambowo udzatuluka ngati kadontho kofiirira, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira December mpaka March Akamwiniatatu amaoneka madzulo, ndipo usiku wabwino ndi umene mvula yakata, itatsuka fumbi. M'miyezi ya August ndi September amaoneka kum'maŵa m'bandakucha, ngakhale utsi wa lupsa umaphimba kumwamba.

Ena adzati, kodi nyenyezi zimadyedwa? Funso lotere silopepuka m'boma limene linaona zigumula za 1991 ndi namondwe Freddy mu 2023. Koma mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira kuyeza nthaŵi, kulemba zimene waona ndi kubwereza ntchito ikakanika, ndi yemweyo adzayeze mvula ndi madzi otsika m'phiri la Michesi mosalakwa. Sayansi yoloŵeza pamtima imatha tsiku la mayeso, pamene yochita ndi manja imakhala m'thupi.

Tsono inu aphunzitsi, sonkhanitsani ophunzira pabwalo la sukulu usiku umodzi pa teremu, makolo atavomereza. Inunso amene munamaliza sukulu, bwerekanani foni muyese. Ndipo magetsi akamafika m'misika ndi m'sukulu zathu, tipemphe kuti nyale za panja ziziloza pansi pamene pafunika kuŵala, kuti ana athu asalandidwe thambo limene agogo awo anaŵerengerapo nyengo.