Buku lisamadutse pa boda mobisala

Kuno ku Ngauma, munthu akafuna buku la Chinyanja salota za ku Maputo. Likulu lathulo lili pa mtunda wa makilomita oposa 2,000, ndipo ngakhale utafikako, upeza mashelefu atadzaza ndi Chipwitikizi. Maso athu amayang'ana ku Malawi. Baibulo la agogo, buku la nyimbo za m'tchalitchi, katekisimu wa ana, timabuku ta ku madrasa tofotokoza mapemphero, zambiri mwa izi zidalowera pa Chiponde n'kutulukira pa Mandimba, kenako n'kukwera chapa, minibasi ya kuno, mumsewu wa N13 mpaka pa Massangulo. Ukanyamuka mbandakucha, dzuwa lisanalowe wafika ku Balaka kumene a Montfort Media amasindikiza mabuku. N'chifukwa chake nkhani ya msonkho wa mabuku pa chipata imatikhudza ife kuposa anthu ambiri a m'dziko lino.

Mbiri ndiyo idatiika pamenepa. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi adalemba mu 1891 adang'amba mabanja pakati, malume uku, mphwake uko. Kenaka padabwera nkhondo yapachiweniweni imene idatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adathawira ku Malawi, ndipo ana awo adaphunzira afabeti m'Chichewa. Ana amenewo lero ndi makolo, ena ndi agogo. Pakhomo kuno ambiri timayankhula Chiyao, ku Cuamba kumamveka kwambiri Chimakhuwa, koma ukapatsa munthu wa msinkhu umenewo pepala, limene amawerenga osadodoma kawirikawiri ndi la Chichewa. Ena adabwerako ndi Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka koyamba mu 1922. Ena adadzagula Buku Loyera la mu 1998. Alipo amene amakumbukirabe Nthondo ya Samuel Josia Ntara ndi Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe, ndipo akadakonda ana awo atawerengako.

Tsono taonani mmene mabukuwa amalowera. Ndidakwerapo chapa imodzi ndi katekisiti wina wachikulire amene mpingo wake udasonkha ndalama zogulira mabuku a nyimbo. Tisanafike pa chipata, adamasula katoni n'kuyamba kugawira apaulendo anzake. Mayi wina adalandira awiri n'kuwakulunga m'chitenje, mnyamata wina adalowetsa atatu m'jekete, otsala adawakwirira m'thumba la kaunjika. Manja a mkuluyo ankanjenjemera. Titawoloka adatolera mabuku ake, ena atapindika ngodya, limodzi litanyowa ndi thukuta. Nditamufunsa kuti, "Bambo, mwavutikiranji chonchi?" adayankha kuti, "Mwanawe, ndalama za akhristu ndi zowerengeka. Akandilipiritsa ndikanena chiyani kwa anthu?" Palibe amene adamuopseza tsiku limenelo. Mantha adachoka nawo kunyumba. Munthu wolemekezeka, wophunzitsa ena chilungamo, adanyamula nyimbo zotamanda Mulungu ngati wanyamula chamba.

Chondipweteka n'chakuti lamulo lidali kumbali yake, iye osadziwa. Maiko adagwirizana kalekale kuti buku si katundu wamba. Mu 1950 bungwe la UNESCO lidakonza pangano lotchedwa la ku Florence, limene maiko olisainira amalonjeza kusalipiritsa msonkho wa kasitomu pa mabuku, nyuzipepala ndi zipangizo zina za maphunziro. Mu 1976 adaliwonjezera mphamvu ku Nairobi. Nalonso lamulo lathu la IVA, msonkho umene udayamba mu 1999 pa 17 peresenti n'kutsika kufika pa 16 peresenti mu January 2023, limapatula mabuku, magazini ndi nyuzipepala za maphunziro, za chikhalidwe ndi za luso. Si maiko onse ali ndi mtima umenewu. Ku South Africa buku limalipira VAT ya 15 peresenti monga katundu wina aliyense. Ku Kenya adaika 16 peresenti pa mabuku mu 2013, ndipo osindikiza adalira kwambiri. Ku Portugal buku limalipira 6 peresenti, pamene ku Britain sililipira kanthu. Pa nkhani imeneyi opanga malamulo athu adachita bwino, ndipo tiyenera kuwayamikira.

Nanga bwanji buku likafika pa Massangulo limakhala litakwera mtengo chomwechi? Ndikuona malo angapo pamene ndalama imadonthera.

Poyamba ndi pa mapepala. Buku limodzi kapena awiri m'chikwama ndi katundu wa wapaulendo. Koma likakhala katoni yodzaza ndi mabuku ofanana, wa kasitomu ali ndi chifukwa choganizira kuti ndi malonda, ndipo malonda ali ndi njira yake: risiti yogulira, nambala ya msonkho ya NUIT, despachante wokulembera chikalata, ndi kulowetsa zonse mu kompyuta ya Janela Única Electrónica. Njira imeneyi idakonzedwera mathiraki a feteleza ndi makontena ochokera ku doko la Nacala, ndipo kwa iwo imathandiza. Koma mtengo wa mapepalawo ukagawidwa pa kontena yonse sumveka, pamene ukagwera pa mabuku 20 umatha kuposa phindu lonse la wogulitsa. Msonkho ukhoza kukhala ziro, koma ulendo wotsimikizira kuti ndi ziro si waulere.

Chachiwiri ndi kusakaniza katundu. M'buku la manambala a katundu limene a kasitomu a maiko ambiri amagwiritsa ntchito, buku losindikizidwa lili pa nambala 4901, koma kope lolembamo lili pa 4820, pamodzi ndi zina za m'ofesi. Kwa mphunzitsi amene wagula mabuku owerenga, makope, mabolopeni ndi choko, zonsezo ndi "za sukulu". Kwa wa kasitomu ndi mitundu yosiyana, ndipo uliwonse uli ndi chiweruzo chake. Risiti ikangolemba mtengo umodzi wa zonse, osasiyanitsa, mkangano umayambira pomwepo, ndipo buku limavutikira limodzi ndi bolopeni.

Chachitatu chimagwera ophunzira athu a ku Cuamba, kumene kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique. Mtsikana akufuna buku la sayansi ya nthaka limene m'sitolo za m'chigawo chino mulibe. Walipeza pa intaneti ku Johannesburg kapena ku Lisboa. Mtengo umene waona pa foni si umene adzalipire. Pamwamba pake padzabwera ndalama yotumizira, imene pa buku lolemera imatha kufanana ndi mtengo wa bukulo. Padzabweranso ya banki posintha meticais kukhala ndalama yakunja, ndi ya kampani yonyamula katundu pomuyendetsera mapepala a kasitomu. Ndipo a kasitomu akamawerengera mtengo wa katundu amaphatikiza ndi zonyamulira ndi inshuwalansi, choncho ngati m'phukusimo mwalowa kanthu kena kolipira msonkho, chiwerengero chimayambira pamwamba. Kale positi ya boma inkachepetsako ululu umenewu, koma mu 2021 boma lidathetsa kampani ya Correios de Moçambique. M'mizinda ikuluikulu makampani ena adatseka mpatawo. Kwa ife a m'maboma akutali, phukusi limafuna munthu wolitsatira ku Lichinga kapena ku Nampula, ndipo thiransipoti yake ndi msonkho winanso umene sulembedwa paliponse.

Chachinayi n'chobisika kwambiri. Kupatula buku pa IVA sikutanthauza kuti mulibiretu IVA m'kati mwake. Wogulitsa mabuku amalipira msonkhowu pa zinthu zambiri zimene amagula poyendetsa sitolo yake, ndipo popeza malonda ake ndi opatulidwa, alibe pokaubwezera. Amangouthira pa mtengo wa buku. Wosindikiza naye amagula mapepala, inki ndi zida za makina, zambiri zochokera kunja. Mapeto ake, nthawi zina kusindikiza buku kwanu kumadula kuposa kuitanitsa lotha kale. Pangano la ku Nairobi la 1976 lidaliona vutoli, n'chifukwa chake lidatchulanso zipangizo zopangira mabuku.

Sindikulemba izi kuti tidane ndi a kasitomu. Boma limayenda ndi msonkho. Msewu wa phula umene lero ukulumikiza Cuamba, Mandimba ndi Lichinga sudamere wokha, ndipo mphunzitsi ndi namwino amalandira kuchokera m'thumba lomwelo. Wantchito wa pa chipata amakumananso ndi anthu amene amabisa fodya ndi mankhwala pansi pa katundu wooneka wosalakwa, choncho akatsegula katoni akugwira ntchito yake. Vuto lili pakuti lamulo labwino lili m'Chipwitikizi cha maloya, m'mabuku a boma amene munthu wa ku Ngauma sadawaonepo. Lamulo limene mwini wake salidziwa silimuteteza. Limangosiya mpata wa mphekesera, wa mantha, ndi wa anthu oyendayenda pafupi ndi chipata amene amadya ndalama za osadziwa powalonjeza kuti awadutsitsa.

Ndipo nthawi yake ndi ino. Pakati pa 1993 ndi 1997 dziko lino lidayesa kuphunzitsa ana m'chiyankhulo chawo, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a ziyankhulo ziwiri adalowa m'sukulu za boma, ndipo kuno ku Niassa muli Chiyao, Chinyanja ndi Chimakhuwa. Bungwe la Associação Progresso lidagwira ntchito yaikulu yokonza timabuku ta ana m'ziyankhulo zathu. Koma mwana sakhala wowerenga ndi buku la m'kalasi lokha. Akangodziwa kulumikiza zilembo amafuna nthano, ndakatulo, nkhani za makolo, kabuku ka ulimi wa soya kapena ka matenda a mbuzi kamene angawerengere bambo ake madzulo. Kutsidya kwa malire kuli nkhokwe ya zaka zambiri ya mabuku otere, ya ku Likuni Press, ku CLAIM, ku Dzuka, ku Kachere. Kalembedwe kathu kamasiyana pang'ono ndi ka ku Malawi, koma mwana amazolowera tsiku lomwelo. Nawonso a ku Namwera ndi ku Mangochi angapindule ndi mabuku a Chiyao okonzedwa kuno. Njira iyenera kutseguka mbali zonse ziwiri.

Pempho langa kwa a Autoridade Tributária ndi anzawo a Malawi Revenue Authority ndi lapafupi. Pa Mandimba ndi pa Chiponde, komanso pa Entre Lagos ndi pa Nayuchi pamene pamadutsa sitima, paikidwe chikwangwani chachikulu cha m'Chipwitikizi, m'Chiyao ndi m'Chinyanja chonena momveka kuti buku losindikizidwa limalipira chiyani ndipo sililipira chiyani, ndi mabuku angati amene munthu angadutse nawo ngati ake, komanso akaposa pamenepo achite chiyani. Mawayilesi a m'madera mwathu aulutse uthenga womwewo. Kenaka pakhale fomu ya tsamba limodzi ya sukulu, mipingo, mizikiti ndi ogulitsa ang'onoang'ono, yosafuna despachante. Izi si zachilendo. Pa malire a Mchinji ndi Mwami, Malawi ndi Zambia ali ndi ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, ndipo pali desiki yothandiza anthu kulemba mafomu. Dziko lathu lidatuluka mu COMESA, koma ife ndi Malawi tonse tili mu SADC, imene idatsegula malonda pakati pa maiko ake mu 2008. Pokhala njira ya tomato ndi nyemba, sipangalephere kukhala ya mabuku.

Aphungu athu ochokera ku Niassa nawo ali ndi gawo lawo ku Assembleia da República. Afunse kuti mapepala ndi inki zosindikizira mabuku a ana zipeputsidwe, ndi kuti wogulitsa mabuku azitha kubwezeredwa IVA imene walipira. Akatero, mnyamata wa ku Cuamba amene ali ndi kamakina kosindikizira angayambe kutulutsa nthano za agogo ake pa mtengo woti mlimi n'kufikira.

Ifenso tili ndi zathu zoti tichite, ndipo sizidikira lamulo latsopano. Pogula mabuku kutsidya, tipemphe risiti yolemba dzina la buku lililonse, chiwerengero ndi mtengo wake. Makope ndi mabolopeni akhale ndi risiti yawo ndi katoni yawo. Sukulu kapena mpingo ulembe kalata yodinda chidindo yonena kuti mabukuwo ndi a ndani ndipo akukagwira ntchito yanji. Tikafika pa chipata tiike katoni pa tebulo, tiitsegule tokha, tifunse mwaulemu. Akatiuza kuti pali cholipira, tifunse kuti ndi cha chiyani, ndipo tisapereke ndalama iliyonse popanda risiti ya boma. Mafumu, mashehe, abusa ndi akulu a sukulu, nkhaniyi muikambe pa misonkhano yanu mwezi uno, ndipo mutume anthu awiri kapena atatu akakhale pansi ndi mkulu wa kasitomu pa Mandimba kuti akamve ndondomeko yonse pakamwa pake n'kudzaifotokoza kwa anthu. Mutu umodzi susenza denga, koma pempho lochokera ku Ngauma, Mandimba ndi Cuamba pamodzi lidzafika pa tebulo la amene angasinthe zinthu.