Anyakwawa athandize oyang'anira olakwa

Pamene khoti libweza kumudzi mnyamata wakuba mbuzi m'malo momutumiza ku Katombora, ambiri amadandaula kuti mlandu wafera m'njira. Sizili tero ai. Mnyamatayo amakhala m'manja mwa ofisala wa probeshoni wa cigawo ca Social Welfare, amene amamucezera, kufufuza za khalidwe lake ndi kupereka lipoti kukhoti. Akaphwanya malamulo amene anapatsidwa, angatengedwenso kukalangidwa pa mlandu womwewo.

Koma ofisalayo amakhala ku boma, pamene mnyamatayo amagona kumudzi. Cotero anyakwawa, makolo ndi aphunzitsi ndiwo maso a ofisala. Mudzi umene unyoza mwanayo ndi kumumana ganyu ukumubwezera ku umbava, ndipo mbuzi zidzasowanso m'khola.